Mafilimu oopsa otchipa: filimu ndi ina, kope lomwe mwagula ndi lina

Munthu akagula chimbale cha mafilimu oopsa akale mumsika wa Zomba, kapena akakabenetsa pa fulashi ku Chinamwali, dandaulo limakhala lomwelomwelo: chithunzi chili bii, nkhope sizikudziwika, chilombo chikatulukira mumdima umangoona timabokosi tikuvinavina pa sikirini. Wogulitsa amayankha kuti ndi mmene ankajambulira kale, analibe ndalama. Zoti analibe ndalama ndi zoona. Koma timabokosito sitinatuluke mu kamera ya 1974 ayi. Tinalowa panjira, filimuyo ikudutsa m'manja mwa okopera, ndipo pa mitundu yonse ya mafilimu, uwu ndi umene umavulala kwambiri paulendo wotere.

Tikunena mafilimu aja a ku America ndi ku Italy a zaka za m'ma 1960 mpaka m'ma 1980, amene kwawoko amawatcha exploitation. Ankapangidwa ndi timakampani ting'onoting'ono, ndipo malonda awo anali pa zinthu zimene makampani akuluakulu a ku Hollywood ankazipewa: magazi, mitembo yoyenda, anthu odya anzawo, wamisala wonyamula sowo. Kampani ya American International Pictures inkadziwika ndi kuyamba yapeka dzina ndi chithunzi chotsatsira, nkhani n'kudzalemba pambuyo. Blood Feast ya Herschell Gordon Lewis, ya 1963, inajambulidwa ku Miami ndi madola osakwana 25,000. Night of the Living Dead ya George Romero, ya 1968, inadya madola pafupifupi 114,000. The Texas Chain Saw Massacre ya Tobe Hooper, ya 1974, sinapitirire 140,000. Tisanamizane, ambiri a gulu ili ndi oipa basi, chikuto chake ndiye chokoma kuposa zam'kati. Koma alipo ochepa amene anapangidwa ndi amisiri enieni, ndipo luso lawo lagona pa zinthu zomwe kope loipa limayamba kupha.

Kuchepa kwa ndalama kumaonekera pachithunzi m'njira ziwiri. Yoyamba ndi filimu yomwe ankaika mu kamera. Hooper anajambulira pa 16mm, chimodzimodzi Sam Raimi pa The Evil Dead ya 1981, kenako n'kukulitsa kuti ikhale 35mm yoonetsa m'nyumba za kanema. Kachithunzi ka 16mm n'kakang'ono, ndiye ukakakulitsa timadontho ta mankhwala ake timaonekera, ndipo chithunzi chonse chimakhala ndi kamchenga kosalala kongoyendayenda. Kamchengako si dothi, ndi thupi la chithunzicho. Njira yachiwiri ndi kuwala. Nyali anali nazo zochepa, choncho gawo lalikulu la chithunzi ndi mdima, ndipo mdimawo unkawathandiza kubisa kuti mutu wodukawo ndi wa labala. Wojambula waluso ankasiya kuwala kongokwanira kuti uone kuti kuseri kwa chitseko kuli chinthu, koma osachizindikira.

Tsono pulogalamu yochepetsa fayilo imagwira ntchito posunga zimene zasintha kuchoka pa chithunzi china kufika pa chotsatira, n'kutaya zomwe ikuganiza kuti diso siliziona. Kamchenga kaja kamasintha pa chithunzi chilichonse, ka 24 pa sekondi, ndiye kamadya malo ambiri. Malo akachepa, pulogalamu imakafafaniza, nkhope n'kusalala mopanda moyo. Mdima nawo imautenga ngati malo opanda kanthu, n'kuusandutsa mabokosi akuda ndi otuwa. Chinthu chija chinali kuseri kwa chitseko chimapita nawo limodzi.

Masamu ake ndi osavuta. DVD wamba imanyamula 4.7GB, ya magawo awiri 8.5GB, ndipo kampani yeniyeni imaikapo filimu imodzi, pa liwiro la mamegabiti pafupifupi 5 kapena 6 pa sekondi. Chimbale cha mumsika cholembedwa kuti muli mafilimu 8 chimagawa 4.7GB yomweyo, ndiye filimu iliyonse imalandira zosakwana 600MB. Pa filimu ya mphindi 90, ameneyo ndi megabiti imodzi yosakwana pa sekondi, kuchepera ngakhale VCD yakale ija, imene inkapereka 1.15 pa chithunzi cha 352 kwa 288. Wina akatenga pachimbalepo n'kuchepetsanso kuti zikwane mu memore khadi, wina n'kutumizira mnzake pa WhatsApp, kulikonseko pakutayika kanthu kosabwereranso. Zili ngati kalata yopangidwa fotokope kuchokera ku fotokope ina: siginecha imakhalapobe koma mwini wake sangaivomere. Kulemba HD pachikuto, kapena kukulitsa fayilo kuti ikhale 1080, sikubweza chilichonse. Fayilo imangonenepa, zotayikazo zinapita kale.

Vuto lina ndi loti filimu yomwe mukuonerayo mwina si yonse. Mafilimuwa ankayenda ndi makope ochepa, mpukutu womwewo kuchoka m'tauni ina kupita ina, m'nyumba za kanema zotchipa monga za pa 42nd Street ku New York. Ukaduka ankangolumikiza, zithunzi zingapo n'kutayika. Akuluakulu a boma m'madera osiyanasiyana ankadulanso zomwe sanakondwe nazo. VHS itafika, imene JVC inatulutsa mu 1976, timakampani ta matepi tinkangokopera mpukutu uliwonse womwe tapeza, wokandika kapena wodulidwa.

Ku Britain nkhani inakula. Poyamba matepi sankadutsa kwa owunika mafilimu, moti mwana ankatha kubwereka m'sitolo filimu yomwe sinaloledwe ngakhale m'nyumba ya kanema. Nyuzipepala ndi anthu ngati Mary Whitehouse, mayi wolimbana ndi zolaula ndi zachiwawa pa TV, anachita phokoso, mafilimuwa n'kupatsidwa dzina loti video nasties, apolisi n'kuyamba kulanda matepi. Pa mndandanda wa woimira boma pa milandu panafika mafilimu 72, ndipo 39 mwa iwo makhoti anawapeza olakwira lamulo. Mu 1984 panabwera lamulo la Video Recordings Act, lokakamiza kuti tepi iliyonse ya filimu iwunikidwe ndi BBFC, bungwe lowunika mafilimu la ku Britain. Zotsatira zake, kwa zaka zambiri matepi a ku Britain a mafilimu amenewa anali odulidwa, ena masekondi, ena mphindi zathunthu. The Texas Chain Saw Massacre inaloledwa ndi BBFC mu 1999. Izi zikutikhudza chifukwa matepi a ku Britain ndi a PAL, njira ya kaonetsedwe ka zithunzi yomwe ma TV athu amagwiritsanso ntchito, ndiye ndi amene ankasewera bwino kuno ndi kukoperedwa.

Njira yodziwira ngati filimu ndi yodulidwa ndi kuyang'ana kutalika kwake, koma pali kamsampha. Filimu ya kanema imayenda zithunzi 24 pa sekondi, PAL imayenda 25, choncho tepi kapena DVD ya PAL imathamanga pang'ono, ndi magawo 4 pa 100 alionse. Filimu ya Hooper ndi ya mphindi 83, pa PAL imakhala pafupifupi 80, ndipo palibe chadulidwa. Ya Romero ndi ya mphindi 96, pa PAL pafupifupi 92. Chotsani kaye magawo anayiwo. Zikaperewerabe, lumo linadutsapo. Kudula kumamvekanso m'khutu: nyimbo imalumpha mwadzidzidzi, kapena munthu amene anaimirira ukumuona ali kale pansi.

Mayina nawo amasocheretsa. Filimu ya Lucio Fulci ya 1979 ku Italy inatchedwa Zombi 2, n'cholinga choti anthu aziyesa kuti ikupitiriza Dawn of the Dead ya Romero, imene kumeneko inatuluka ndi dzina loti Zombi. Ku America inangotchedwa Zombie, ku Britain Zombie Flesh Eaters. Ndi filimu imodzi, ndipo n'zotheka kuipeza kawiri pa fulashi imodzi mutalipira ziwiri. Musanagule, yang'anani chaka ndi dzina la wotsogolera, osati dzina la filimu lokha. Pa mafilimu a ku Italy dziwaninso kuti milomo kusagwirizana ndi mawu si vuto la kope. Ankajambula osatenga mawu, ochita sewero aliyense akuyankhula chinenero chake, mawu n'kudzaikidwa mu situdiyo pambuyo. Koma mukaona kuti chitseko chatsekeka kale phokoso lake n'kubwera mochedwa, pamenepo wokopera ndiye analakwitsa.

Night of the Living Dead ili ndi tsoka lakelake. Kampani yoigawa itasintha dzina lake kuchoka pa Night of the Flesh Eaters, inaiwala kuika chizindikiro cha umwini pa dzina latsopanolo, ndipo malamulo a ku America a nthawi imeneyo ankati chinthu chotuluka popanda chizindikirocho ndi cha aliyense. N'chifukwa chake ili paliponse, pa YouTube, pa Internet Archive, ndi pa zimbale zosawerengeka, zambiri zokopera ku mipukutu yotopa. Palinso makope opakidwa mitundu, pamene filimuyo ndi yakuda ndi yoyera, komanso lina la 1999 lomwe anawonjezeramo zigawo zatsopano ndi nyimbo zina. Limenelo lisiyeni. Kope lodalirika ndi lomwe linakonzedwa ndi Museum of Modern Art ndi Film Foundation kuchokera ku negativu yeniyeni, ndiye kuti filimu yomwe inali mu kamera pojambula, limene kampani ya Criterion inatulutsa mu 2018. Mukaliyerekeza ndi la mumsika, nkhope ya Duane Jones, mwini filimu, imaoneka thukuta ndi makwinya, ndipo m'chipinda chapansi pa nyumba mumaoneka makoma ndi masitepe m'malo mwa chikuda chokhachokha.

Ntchito yotereyi lero ili m'manja mwa timakampani tapadera: Arrow Video, 88 Films ndi Second Sight ku Britain, Severin, Synapse, Blue Underground, Grindhouse Releasing ndi Vinegar Syndrome ku America. Amasaka negativu, kuitsuka, kuijambula chithunzi chimodzichimodzi pa 2K kapena 4K, kuchotsa dothi ndi zokanda, n'kukonza mitundu. Amathamanga ndi nthawi, chifukwa filimu ya acetate ikakhala malo otentha ndi achinyezi imayamba kununkha viniga, kukhwinyata, mpaka yosalowanso m'makina. Ameneyo ndi mdani wa aliyense wosunga mipukutu, kaya ku America kaya ku National Archives kuno ku Zomba. Kuseri kwa chikuto cha kampani yabwino amalemba gwero la chithunzi. Negativu ya mu kamera ndiye yapamwamba, interpositive, kope loyamba lochokera ku negativu, ndi yachiwiri, mpukutu woonetsera ndi wotsiriza. Mawu oti digitally remastered okha, popanda kutchula gwero, sakutanthauza kanthu.

Wotuma m'bale wa kunja kuti amugulire chimbale ayambe waona za madera. DVD inagawa dziko m'zigawo: America ndi 1, Britain ndi South Africa ndi 2, Malawi ili mu 5. Makina ambiri otchipa a DVD ogulitsidwa kuno salabadira zimenezi, amasewera zonse, koma a mayina odziwika amakana chimbale cha dera lina. Blu-ray ili ndi zigawo zitatu, ndipo Africa ili mu B limodzi ndi Ulaya, pamene America ili mu A. Choncho Blu-ray ya ku London kapena ku Johannesburg ndiye yosavuta. Zimbale za 4K nthawi zambiri zilibe malire a madera. Makina ochokera ku America muwerenge kaye kuseri kwake: akalemba 120V yokha, magetsi athu a 230V adzawawotcha pongolumikiza.

Fayilo yabwino nayo ili ndi zokhumudwitsa zake. Fulashi zambiri zimabwera zili pa FAT32, imene siilola fayilo yoposa 4GB, ndiye kukopera kumakana ngakhale malo alipo. Isintheni ikhale exFAT kapena NTFS, mutasamutsa kaye zonse zili m'menemo chifukwa zimafufutika, ndipo yesani ngati TV yanu ikuwerenga. TV ikatulutsa mawu popanda chithunzi, kawirikawiri fayiloyo ndi ya H.265, njira yatsopano yochepetsera fayilo, ndipo TV ndi yakale. Ikatulutsa chithunzi popanda mawu, kawirikawiri mawuwo ndi a mtundu wa DTS, umene ma TV ena sawerenga. Zonse ziwiri zimatha mukasewerera pa laputopu ndi pulogalamu ya VLC n'kulumikiza ndi chingwe cha HDMI. Pulogalamu yaulere ya MediaInfo imakuuzani zonsezi musanachoke kobenera, pamodzi ndi kutalika ndi liwiro la fayilo. Filimu ya 16mm ya mphindi 90 pa 1080 ikachepera 4GB, kamchenga kake kayamba kale kusungunuka.

TV yambiri imachoka kusitolo ili pa Vivid kapena Dynamic, zoyenera mpira masana. Ikani pa Movie kapena Cinema, tsitsani sharpness, zimitsani noise reduction ndi chija chosalaza kayendedwe ka chithunzi. Brightness musakweze pofuna kuona zobisika mumdima, chifukwa chakuda chimasanduka chotuwa, mabokosi n'kuonekera kwambiri, ndipo zingwe zokokera zidole zomwe wojambula anabisa zimatuluka poyera. Zimitsani nyali ya m'chipinda m'malo mwake. Mizere yakuda m'mbali mwa sikirini si vuto: Night of the Living Dead ija chithunzi chake ndi cha 4 kwa 3, ndiye kumanzere ndi kumanja kuyenera kutsala malo. Mukadina zoom kuti idzaze, mumadula mitu kapena kunenepetsa anthu.

Mawu ndi theka la mantha. Mafilimuwa ambiri anatuluka ndi mawu a sipika imodzi, ndipo zimbale zabwino zimasunga mawu oyambirirawo pambali pa 5.1 yatsopano, ya masipika asanu ndi imodzi. Pa TV ya masipika awiri sankhani mono kapena 2.0, apo ayi zoyankhula zimamira, phokoso lokha n'kumagunda. Za makope omasuliridwa m'Chichewa ndi ma DJ, luso lawo palibe angalikane, ndipo pa mafilimu a karate amakometsadi. Koma DJ amatsitsa mawu a filimu kuti ake amveke, ndipo sapirira kukhala chete. Pamene wotsogolera anasiya masekondi makumi atatu a zii kuti mtima ugunde, iye amaponyapo nthabwala. Chotulukapo ndi sewero lanthabwala, lokoma mwa njira yake, koma si filimu yoopsa ija.

Amene akadali ndi matepi a VHS m'makatoni, nyengo ya Zomba si bwenzi lawo. Mvula ya Novembala mpaka Epulo, kenako chiperoni, makamaka m'nyumba za m'munsi mwa phiri zomwe makoma ake amazizira, zimabweretsa chuku. Yang'anani pa kawindo ka tepi. Mukaona zoyera ngati ufa kapena ulusi m'mphepete mwa mpukutu, musailowetse mu deki yabwino, chifukwa chuku chimamata mitu ya deki, tizigawo towerenga tepi, n'kufalikira ku matepi ena. Tepi yooneka bwino isiyeni m'chipinda chouma tsiku limodzi kapena awiri, osati padzuwa, kenako ithamangitseni mpaka kumapeto n'kuibweza musanaisewere, kuti pomwe inamatana pamasuke. Thyolani kapulasitiki kakumbuyo kuti wina asajambulirepo mwangozi. Chithunzi chikadzaza chipwirikiti choyera pamene mawu akumveka, mitu yada. Chotsani deki kumagetsi, tsegulani, nyowetsani kapepala koyera ndi isopropyl alcohol, kagunditseni pang'ono pa ng'oma yonyezimira yomwe tepi imazungulirapo, n'kuizungulitsa ndi chala. Musapukute chokwera ndi chotsika, ndipo musagwiritse thonje, mitu yake ndi yosalimba ndipo ikathyoka deki yatha.

Posamutsira pa kompyuta pafunika kachipangizo ka USB kolandira zingwe zitatu zija, yachikasu, yoyera ndi yofiira. Jambulani pa 720 kwa 576, zithunzi 25 pa sekondi, ndipo fayilo yoyambayo isungeni yaikulu momwemo, zochepetsa zibwere pa kope lachiwiri. Tepi ya ku America ndi ya NTSC, njira yosiyana ndi PAL, ndiye mu deki ya PAL imatha kutuluka yopanda mitundu kapena yogudubuzika. Chithunzi chikamawala n'kuderanso mobwerezabwereza, ndi chitetezo cha Macrovision chimene makampani ankaika poletsa kukopera, osati kuwonongeka kwa tepi. Matepi asungeni choimika, pashelefu yosagunda khoma, kutali ndi masipika chifukwa cha maginito ake, ndipo m'bokosi ponyanimo timapaketi ta silica tija timabwera m'mabokosi a nsapato. Zimbale zipukuteni ndi kansalu kofewa kuchoka pakati kupita m'mphepete. Kukanda kotsata mzere wozungulira ndi kumene makina amalephera kukudumpha.

Pali zina zofunika kuzinena mosabisa. Cannibal Holocaust ya Ruggero Deodato, ya 1980, yojambulidwa ku Colombia, imfa za anthu ndi zopeka koma nyama zinaphedwadi pamaso pa kamera, ndipo n'chifukwa chake chimbale cha Grindhouse Releasing chili ndi mwayi woonera modumpha zigawo zimenezo. Mafilimu angapo a gulu ili alinso ndi nkhanza zogwiririra amayi zojambulidwa motalika. Chimbale choyambirira kawirikawiri chimalemba msinkhu woyenera, koma fayilo ya pa fulashi ilibe chikuto, imangokhala pakati pa makatuni ndi nyimbo za kwaya. Kuno lamulo la Censorship and Control of Entertainments Act la 1968 limapatsa Censorship Board udindo pa zoonetsedwa pagulu, kuphatikizapo mavidiyo a m'makwalala, koma m'nyumba mlonda ndi kholo. Fodayo ikhale payokha, pa fulashi yakeyake. Ndipo m'chigawo chomwe mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo, woonetsa vidiyo ayenera kuganiza kawiri asanaike filimu ya opopa magazi pamaso pa ana.

Kwa achinyamata a ku Chikanda ndi ku Chancellor amene akujambula mafilimu awo a ufiti ndi ndondocha pa foni, mbiri imeneyi ndi yawonso. Living in Bondage ya ku Nigeria, ya 1992, inapita molunjika pa tepi osadutsa m'nyumba ya kanema, n'kutsegula msika wonse. Lero lamulo silifunanso chizindikiro chimene chinasaukitsa Romero, komabe lembani dzina la mwini ndi chaka pa filimu penipenipo, lemberanani pangano ndi aliyense wogawa, ndipo kalembetseni ku COSOMA. Pojambula usiku musadalire kudzawalitsa pa kompyuta, foni imadzaza mdima ndi madontho amitundumitundu. Unikirani mokwanira, n'kudzadetsa pokonza. Fayilo yomaliza itulutseni yaikulu momwe kompyuta ingathere, mawu a anthu, nyimbo ndi phokoso zikhalenso m'mafayilo osiyana kuti mudzathe kumasulira m'chinenero china, ndipo zonsezo zikhale pa ma hard drive awiri osungidwa m'nyumba ziwiri. Kope la pa YouTube ndi lochepetsedwa kale, silingalowe m'malo mwa zimenezi.